Ufa ulipo, koma nsima sikupsa

Usiku wina mu Julaye magetsi atathima, ndinatuluka panja nditafunda chitenje cha mayi akunyumba. Mlalang'amba unali pamutu penipeni. Cha ku nyenyezi za Sagittarius, pamene unanenepa kwambiri, panali mawanga akuda ngati wina wamwazapo makala. Limenelo ndi fumbi, ndipo limatibisira pakatikati pa mlalang'amba wathu, kutali kwakuti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kutipeze.

Kuseri kwa fumbilo kwaunjikana mitambo ya mpweya, wambiri mwa iwo ndi haidrojeni. Umodzi wokha, Sagittarius B2, umalemera ngati madzuwa 3 miliyoni. Mu 1975 akatswiri anapezamo ethanol, yemwe uja wa m'kachasu. Abale a kumowa musamange katundu, chifukwa mulinso methanol, amene amachititsa khungu.

Chimene chimandizunguza mutu ndi china. Nyenyezi imabadwa mtambo ukazizira, n'kudekha, kenako n'kudzigwera mkati chifukwa cha kulemera kwake. Ndiye kumene mpweya wathithikana chonchi, nyenyezi zikanamabadwa ngati ngumbi mvula yoyamba. Koma ayi ndithu. Zimabadwa zochepa, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe akatswiri amayembekezera.

Mitambo ya kufupi ndi dzuwa lathu imazizira kufika madigiri -260. Mpweya wa ku mitambo ya pakatiyi umakhala cha m'ma -200. Kwa ife konseko n'kuzizira kosaneneka, koma kwa mtambo amenewo ndi malungo. Kuwonjezera apo mpweyawo sukhazikika, umawinduka ndi liwiro loposa makilomita 10 pa sekondi, uku mphamvu ya maginito ikuukoka. Aliyense amene anatungapo madzi pachitsime chamatope akudziwa: ndowa ukamaigwedeza, matope sadikha.

Pali mtambo wina anautcha Brick, kunena njerwa, chifukwa cha kuda ndi kuthithikana kwake. Uli ndi zipangizo zokwanira nyenyezi masauzande ambirimbiri, koma muli zii, kupatula pang'ono chabe pamene zayamba kuphukira. Makina oonera zakuthambo a James Webb ataulunjika, zotsatira za mu 2023 zinaonetsa kuti muli carbon monoxide wambiri wouma ngati ayezi, chikhalirecho mpweya wake ndi wofundirapo. Ine ndimaukonda mtambo umenewu chifukwa chokana kuchita zimene masamu a anthu ophunzira akuulamula.

Magetsi akathimanso m'nyengo yachisanu, musangotukwana. Tulukani cha m'ma 10 koloko usiku, muyang'ane kumwamba kumene kwada kwambiri.