Tatopa kuwomba m'manja

Kuno ku Chipera uthenga ukangofika kuti mawa kubwera akuluakulu, aliyense amadziwa ntchito yake. Amayi asesa bwalo, anyamata atenga makasu kukakwirira maenje mumsewu, ana asukulu aimikidwa padzuwa chim'mawire, ng'oma zawambidwa. Mbuzi ya munthu wina ifera ulendowu. Alendo afika dzuwa litapendeka, alankhula Chipwitikizi, womasulira ameza theka la mawuwo, ife m'manja phuphuphu. Fumbi la galimoto likatha timabwerera kumunda titauzidwa kuti chitukuko chili m'njira. Njira yake iti, poti maenje takwirira tokha?

Amati dziko limasintha likapeza mutu wabwino. Mitu taiona ife. Agogo athu ankathawa chibalo nthawi ya Apwitikizi, ndipo wodzawagwira ankayamba wafika kwa mfumu, imene azunguwo ankaitcha régulo. Nkhondo ya ufulu itakolera ku Tete mu 1968, osenza ufa ndi zipolopolo kutchire usiku anali anthu wamba, ambiri amayi. Ufulu utabwera mu 1975, Frelimo inati mafumu ndi zidole za atsamunda, niika asekeretale m'malo mwawo. Mu 2000 boma la chipani chomwecho linatulutsa lamulo nambala 15/2000, mafumu nkubwezeredwa ulemu, kenaka yunifolomu, chipewa ndi mbendera yoimika pakhomo. Banja limodzimodzi: dzana kapitawo, dzulo mdani, lero bwana wa nyota paphewa. Koma maliro akagwa pamudzi sitinafunsepo kuti lamulo likuti chiyani chaka chino. Manda timakapempha kwa amfumu basi.

Kumwera kwa boma lathu la Maravia kuli nyanja ya Cahora Bassa, imene inameza minda ya m'mbali mwa Zambezi damu litatsekedwa mu 1974. Mu 2007 a Armando Guebuza analengeza kuti damulo tsopano ndi lathu, ndipo tinasangalala nawo pa wailesi. Magetsi ake amayenda makilomita 1,400 kukawalitsa ku South Africa. M'nyumba zambiri kuno chowala ndi kasola kogula ndi ndalama za chimanga, kamene mwana amakatembenuzira kudzuwa padenga la udzu kuti foni ya bambo ake isazime.

Za mamiliyoni 7 a mametikali aja anayamba kuperekedwa kuboma lililonse mu 2006 tisanene zambiri. Ambirife tinangomva fungo.

Chotipweteka kwambiri nchakuti wolamulira boma ku Fingoé kapena shefi wa posito sitimusankha ndife, amachita kutumizidwa. Malamulo a dziko atakonzedwa mu 2018 analonjeza zisankho za m'maboma mu 2024. Chaka chisanafike, mu 2023, aphungu ku Maputo anachotsa tsikulo. Ndiye munthu aziopa ndani, ife kapena amene anamupatsa mpando? Wantchito amayang'ana nkhope ya womulipira.

Tsono tifunseni amene anadzutsa midzi ino. Nkhondo yapachiweniweni itatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerako ku Ukwimi, ku Petauke, ndi kwina konse anathawira, napeza mabwinja atamera mitengo. Panalibe msonkhano wa mbendera. Wina anabwereka khasu, wina mbewu ya m'chikho. Anyamata obwera kunkhondo, a mbali zonse ziwiri, anasambitsidwa ndi akuluakulu kuti magazi asalowe nawo m'nyumba, ndipo ana awo lero akukwatirana. Mtendere anasaina a Chissano ndi a Dhlakama, inde, koma woukhazika pamkeka anali nkhoswe ndi anamkungwi.

Mpaka lero zili choncho. Mayi akadwala pakati pa usiku nthawi yadzinja, amene amadziwa nyumba ya mwini njinga yamoto ndi mlongo wake. Mafuta asonkha ndi amayi a chipereganyu, ndalama zotuluka m'mfundo ya chitenje, zonyowa ndi thukuta. Pamtsinje wodzaza amuna anayi alowa m'madzi ofika m'chiuno, njinga paphewa, wodwala pambuyo pamachira. Mwana akabadwa bwino, palibe amene amatchula anthu amenewa kuti atsogoleri. Sawaitana ngakhale kumaphunziro aja a utsogoleri amachitikira m'tauni, okhala ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi alawansi.

Nafenso sitili oyera, tisanamizane. Kampeni ikafika timaphana pamzere wa malaya ndi zitenje, ndipo pamsonkhano wofunsa mafunso timamutsina kuti akhale pansi, angatichititse manyazi pamaso pa alendo. Madandaulo enieni timakathera pachigayo ndi pamowa, pamene palibe wolemba.

Dzulo uthenga wabweranso kuti Lachinayi tisese bwalo. Amayi ena ayamba kale kunong'onezana kuti ulendo uno mbuzi atenge kwa amene anadya za ulendo wathawu.