Musathamangire kugula pampu yatsopano

Mlimi amene wapakira tomato m'bandakucha kupita ku Lizulu amadziwa kuti galimoto ikafera panjira, dzuwa silidikira makaniko. Pofika masana katundu wafewa, ogula atenga kale kwa ena. N'chifukwa chake wina akangoti "ndi pampu ya mafuta imeneyi", timatulutsa ndalama osafunsanso. Ine ndikuona kuti apa alimi ambiri tikutaya ndalama za feteleza pa chitsulo chomwe sichinalakwe.

Zizindikiro zake n'zodziwika. Galimoto imavuta kulira m'mawa, imatsamwa mukaponda moto, kapena imayenda bwino pamalo osalala koma n'kufooka pokwera chitunda ndi matumba a mbatatesi. Zonsezi zikhoza kusonyeza kuti mafuta sakufika mokwanira mu injini. Koma chotsekereza mafuta si pampu yokha.

Yambani ndi khutu. M'galimoto zambiri za petulo, monga Probox, pampu imakhala m'thanki momwemo. Tembenuzani kiyi mpaka magetsi ayake, osaliza injini, mnzanu atchere khutu pakamwa pa thanki. M'galimoto zambiri, pampu yamoyo imamveka kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu kenako n'kusiya. Ikakhala zii, onani kaye fyuzi, relay ndi mawaya opita kuthanki. Fyuzi yopsa mtengo wake sufika ngakhale dengu limodzi la tomato, koma zizindikiro zake n'zofanana ndi za pampu yakufa.

Ikamveka kulira, funsani za sefa ya mafuta. Inasinthidwa liti? Ambiri tinagula galimoto kwa munthu wina, ndipo yankho sitilidziwa. Sefa yodzaza ndi zinyalala imalola mafuta pang'ono, okwanira injini ikangoima, osakwanira ikasenza katundu. Mukaika pampu yatsopano kuseri kwa sefa yotsekeka, nayonso idzatopa msanga.

Pomwe ndikulimbikira kwambiri ndi apa: musalole makaniko aweruze pampu popanda geji yoyezera mphamvu ya mafuta. Galimoto zambiri za petulo zokhala ndi ma injector zimafuna mabar atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nambala yeniyeni imasiyana ndi mtundu wa galimoto. Singano ikatsika mukaponda moto, vuto ndi sefa kapena pampu yofooka. Ikakwera kupitirira muyeso, injini n'kumatulutsa utsi wakuda, kayikirani regulator kapena paipi yobwezera mafuta kuthanki. Ikagwa msanga mukangozimitsa injini, mafuta akuthawira penapake, mwina pa injector yodontha, ndipo ndicho chimachititsa galimoto kuvuta kulira ikagona. Kuyeza kumeneku n'kwa mphindi zochepa. Makaniko amene akukana kuyeza, akungofuna kumasula thanki, akuyesa mwayi ndi thumba lanu.

Tivomerezenso mbali yathu. Pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwe yamiramo. Chizolowezi chothira malita awiri awiri, singano ili pansi sabata yonse, chimaitenthetsa. Ndikudziwa, ndalama siipezeka nthawi imodzi, komanso mafuta akasowa m'malo omwetsera timathamangira a m'zigubu. Koma chigubu sichinena chomwe chinasungamo dzulo. Madzi, fumbi kapena palafini wosakaniza zimathera mu pampu yanu. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani ndi nsalu yoyera, ndipo tsiku lomwe mwagulitsa bwino thirani ofika kota ya thanki.

A galimoto za dizilo, yambani ndi kukhetsa madzi pansi pa sefa ndi kupopa kapampu ka pamanja kuti mpweya utuluke. Koma mapaipi achitsulo a injini za common rail musawamasule injini ikulira. Mphamvu yake imapitirira mabar 1,000, ndipo dizilo wothamanga chomwecho amaboola khungu. Ntchito imeneyo isiyireni wokhala ndi zida zake.