Wopereka magazi naye asamalidwe

Ku Kawaza ndi m'midzi ina ya m'boma la Mambwe, pafupifupi banja lililonse lidziwa mai amene anataya magazi pobereka, kapena mwana amene malungo anamumaliza magazi mpaka kuthamangira naye ku cipatala ca Kamoto kapena ku Chipata. Magazi amene apulumutsa anthu otere sagulidwa m'sitolo. Acokera m'mikono ya ana a sekondale, aphunzitsi ndi akhristu amene amabwera bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service likaitana. Anthuwa tiwathokoza. Koma lero tifuna kukamba za cinthu cimene ciiwalika kawirikawiri: thanzi la woperekayo.

Thupi lipanga magazi ofiira ndi mcere wa m'zakudya wochedwa ayironi. Thumba limodzi la magazi, la mamililita 450, licotsa m'thupi mamiligalamu 200 mpaka 250 a mcerewu. Madzi a m'magazi abwerera m'masiku ocepa, koma ayironi atenga miyezi. Kafukufuku wa ku America wa mu 2015 anapeza kuti mwa opereka atatu alionse amene sanamwe mapilitsi a ayironi, awiri anali asanabwezeretse zimene anataya ngakhale patapita masiku 168.

Vutoli lipezekanso kwa amene apereka mapulateleti okha, tizigawo tija timene tithandiza magazi kuundana pabala, tofunika kwambiri kwa odwala khansa. Makina atenga tizigawoti ndi kubweza magazi ofiira m'thupi, ndipo ku America munthu aloledwa kupereka motere mpaka maulendo 24 pa caka. Ambiri aganiza kuti wotere sataya kanthu. Koma ulendo uliwonse magazi pang'ono atsalira m'mapaipi a makina, ena atengedwa kukapimidwa. Caka cikamatha, pang'onopang'ono uja wakwana matumba angapo. Phunziro lake ndi la tonse, ngakhale ife a kumudzi amene tipereka thumba lathunthu: kupereka pafupipafupi kudya nkhokwe ya thupi mwakacetecete.

Tanena nkhokwe dala, cifukwa alimi adzamva msanga. Kadontho kamene atenga pa cala musanapereke kapima himogulobini, amene ali ngati ufa wa m'nyumba. Ayironi wosungidwa apimidwa ndi cipimo cina ca feritini, ndiye cimanga ca m'nkhokwe. Mlendo angaone ufa m'dengu n'kunena kuti pakhomo pali bwino, pamene nkhokwe ili mbee. Momwemonso munthu angapambane cipimo ca pa cala koma ayironi atatha. Zizindikiro zake ndi kutopa msanga, wefuwefu polima, cizungulire, mwinanso cilakolako codya dothi.

Kuno ku cigwa ca Luangwa nkhaniyi ikula cifukwa malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zidya kale magazi a anthu. Mu Januwale ndi Febuluwale nchito ya kumunda icuruka pamene cakudya cacepa, makamaka kumene njobvu zaononga mbeu. Atsikana ndi amai ataya ayironi mwezi ndi mwezi, conco iwo ndiwo ayamba kuvutika.

Kwa opereka tikuti: musafupikitse nthawi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lilangiza kuti mwamuna adikire masabata 12, mkazi masabata 16. Idyani kapenta, nsomba, ciwindi, nyemba, nyemba za soya, cibwabwa ndi bondwe, pamodzi ndi zipatso monga mango, mapapaya ndi malambe, zimene zithandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi musamwere pa cakudya, cifukwa atsekereza ayironi. Mapilitsi mulandire kwa a cipatala okha, ndipo muwabise kutali ndi ana, pakuti mwana akamwa ambiri angafe.

Kwa abusa, ansembe ndi akulu a mipingo tikuti: musamatumize anthu amodzimodzi nthawi zonse cifukwa coti ndiwo savuta. Mutu umodzi susenza denga. Opereka akacuruka, palibe amene aphwetekedwa.

Kwa Unduna wa Zaumoyo ndi a bungwe la magazi tipempha kuti wopereka kawirikawiri aziuzidwa za ayironi m'cinenero cake, azipatsidwa mapilitsi pamene afunika, ndipo azipimidwa feritini kamodzi pa caka. Dziko la Netherlands linayamba kupima feritini wa opereka mu 2017. Tidziwa kuti cipimoci cidya ndalama, koma kutaya wopereka wokhulupirika kudya zambiri.

Sitikuopseza munthu. Wathanzi amene asunga nthawi yake ndi kudya bwino angapereke zaka zambiri popanda vuto, ndipo zipatala zathu zimufuna. Pa 14 Juni, tsiku lokumbukira opereka magazi, tisangowaombera m'manja. Tiwafunsenso kuti m'thupi ali bwanji.