Za Oimba Ofulatira Anthu

Pali cizolowezi cina coipa cimene cafala pakati pa timagulu ta anyamata oimba m'makomboni a Lusaka, ku Chipata, ku Katete ndi m'matauni ena, ndipo nthawi yakwana yakuti cidzudzulidwe poyera. Anyamata amene aitanidwa kudzakondweretsa anthu pa ukwati, m'holo kapena m'bala, amakwera pa nsanja nayamba kucita monga ngati anthuwo palibe.

Munthu ali yense amene anapitako ku dansi ya Loweruka adziwa m'mene zimakhalira. Cikalata ca pa khomo cimati kuimba kuyamba 7 koloko madzulo. Anthu afika, alipira, akhala pansi. Ora lathunthu lipita oimba akali kulumikiza nthambo za magetsi. Wina agogoda maikolofoni ndi cala nawerenga kosaleka, sipika ilira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ana natseka makutu. Potsiriza nyimbo iyamba. Wa gitala waweramira nsambo zace monga kalaliki wofunafuna ndalama imene yasowa m'buku. Wa besi wafulatira anthu, alikuyang'ana mnzace wa ng'oma. Wotsogolera nyimbo maso ali pa foni, m'mene analembamo mau amene analephera kuwasunga pamtima. Nyimbo itatha pagwa bata. Ayamba kufunsana kuti aimbe iti tsopano. Wina akunga nsambo, wina atsika kukafuna botolo. Anthu amene anali ataimirira kuti abvine abwerera ku mipando yao, ena naturuka osabweranso.

M'mawa mwace anyamata omwewo amadandaula kuti anthu a masiku ano sadziwa kuyamika nyimbo, ndi kuti mwini bala ndi woumira cifukwa sabata yamawa waitana munthu mmodzi wa kompyuta ndi masipika m'malo mwa bandi. Madandaulo amenewa ndi opanda pace. Mlandu uli pa oimba eni ace, pakuti anamana anthu cinthu comwe anthuwo anadzera.

Tsono cinthuco ndi ciani? Yankho lioneka bwino munthu akakumbukira mbiri ya wailesi m'dziko la Zambia. M'caka ca 1949 inafika wailesi yotsika mtengo ija imene inali ndi maonekedwe a sefuliya, ndipo anthu wamba anayamba kumva m'nyumba zao nyimbo za Alick Nkhata ndi anzace zocokera ku nyumba ya wailesi ku Lusaka. Kuyambira nthawi imeneyo munthu wofuna kumva nyimbo yokoma safunikanso kucoka pakhomo pace. Pambuyo pace panabwera malekodi, makaseti, ndipo lero nyimbo zikwi zambiri zikwana m'foni ya m'thumba. Nyimbo zimenezo zinajambulidwa mosamala, zopanda colakwa, ndipo bandi yaing'ono ya ku Matero kapena ku Chawama singathe kuziposa pa kukoma kwa mau. Comweco mai amene wabvala citenje cace catsopano, nalipira basi, nalipiranso pa khomo, sanadzere mau okha. Wadza kudzaona anthu amoyo alikumuimbira iye, kuti amuone, amlonjere, ndipo iye awayankhe. Bandi imene iimirira ngati mizati ya khola yampatsa zocepa koposa zimene wailesi ikadampatsa kwaulere.

Codabwitsa n'cakuti nzeru imeneyi si yacilendo. Anyamata ambiri oimbawa makolo ao anacokera ku midzi kumene luso lakugwira mitima ya khamu lidziwika kuyambira kale. Wosimba nthano usiku sapitirira ndi nkhani yace ngati ana sabvomera kuti ali naye pamodzi; akamva kuti kubvomera kwacepa adziwa kuti tulo talowa, naponya kanyimbo kuti awadzutse. Pa cimtali wotsogolera aponya mau afupi osabvuta kubvomera, kuti mai ali yense wa m'bwalo akhale ndi gawo lace. Pa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005, woomba mbalule sacotsa maso ace pa mapazi a wobvina. Ng'oma itsata phazi, akazi atsata ng'oma ndi m'manja, ndipo bwalo lonse likhala cinthu cimodzi. Munthu wopita ku Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August sadzaona woomba ng'oma alikukunga cikopa gule ali kale m'bwalo. Ng'oma ziwambidwa pa moto nthawi isanakwane. Nanga bwanji mdzukulu wa anthu otere, atagwira gitala ya magetsi, aiwala zonsezi nayesa kuti kuimba ndi nkhani ya iye ndi nsambo zace zokha?

Ena adzati, "Bvuto ndi umphawi, tikadakhala ndi zoimbira zabwino tikadaoneka bwino." Mau awa amveka kawirikawiri, koma sapirira kufunsidwa. Kalindula, imene inagwedeza dziko lonse m'zaka za m'ma 1980, inayambira m'midzi pa mabanjo osema pamanja, a nsambo za waya, ndi besi yaikuru yopangidwa ndi mtengo ndi cikopa. Oimba ace analibe magetsi, koma anthu anabvina mpaka pfumbi kobo. Kufika nthawi yabwino sikulira ndalama. Kucapa malaya ndi kupangana kuti onse abvale ofanana mtundu, ngakhale a pa salaula, sikulira cuma. Kukweza mutu ndi kupenya anthu n'kwaulere. Sipika yakale ikalira mosokosa, kawirikawiri cifukwa cace n'cakuti maikolofoni yaloza ku sipikayo kapena yayandikira kwambiri. Mankhwala ace ndi kuika masipika patsogolo pa oimba, moyang'ana anthu, ndi kuyesa zonse holo ikali yopanda munthu.

Ena adzati, "Ife ndife amanyazi, si munthu ali yense anabadwa wocangamuka." Izi n'zoona, ndipo mantha a pamaso pa khamu si cinthu coseka. Koma manyazi acuruka pamene munthu sanakonzeke. Wotsogolera nyimbo amene sadziwa mau a ndime yaciwiri ayenera kuopa, pakuti ali ndi cifukwa. Amene anaimba nyimboyo kambirimbiri mpaka kuidziwa monga dzina lace, maso ace ali omasuka kuyang'ana anthu. Ndiponso kugwira anthu mtima sikufuna kudumpha. P.K. Chishala anali wosaona kuyambira ubwana wace. Sanali kuthamanga pa nsanja, ndipo nkhope za omvera sanazione. Koma anadziwa zimene zinali kuwawa m'mitima yao, naimba za kusauka kwa munthu wamba m'nyimbo yace ija ya Common Man, natchula mau momveka, kotero kuti munthu ali yense anayesa kuti alikunena za m'nyumba mwace. Akulu anati, ukaipa dziwa nyimbo. Wamanyazi adziwe nyimbo yace, aimirire cilili, atchule mau bwino, zotsalazo zidzabwera.

Pali gulu linanso limene lilakwa mwa njira yosiyana. Awa anamva mbiri ya Emmanuel Chanda wa bandi ya WITCH, amene anatchedwa Jagari potsata dzina la Mick Jagger, ndi kuti anali kudumpha ndi kudzigwetsa pa nsanja m'zaka za m'ma 1970. Anamvanso za Paul Ngozi amene anali kuliza gitala ndi mano. Tsono ayesa kuti cinsinsi conse ciri m'masewero amenewo. Abvala magalasi akuda usiku, agubuduka pansi, akuwa m'maikolofoni, koma ng'oma iri kwina, besi iri kwina. Ici ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Aiwala kuti amuna aja anali ndi nyimbo zao zimene anazipeka nazijambula, zimene anthu a m'maiko akutali akali kuzifuna. WITCH inaturutsa Lazy Bones m'caka ca 1975, ndipo Chanda atakalamba anabwereranso pa nsanja naturutsa Zango m'caka ca 2023. Kudumpha kwace kunali kotheka cifukwa kumbuyo kwace kunali anzace osaphonya. Mnyamata wotengera kudumpha kokha afanana ndi munthu wobwereka jekete la mfumu nayembekeza kuti anthu adzamtulira milandu.

Wofulatira anthu ndi wodzionetsera ali ndi nthenda imodzi: onse awiri alikuganiza za iwo okha. Mankhwala ace ndi ulemu, womwe uja mwana aphunzitsidwa polandira alendo. Mlendo sadikiritsidwa pabwalo mwini nyumba alikusesa. Salandiridwa ndi msana. Sasiyidwa yekha cete pakati pa ceza. Ndipo pocoka aperekezedwa. Bandi imene igwira anthu ace monga alendo idzapeza kuti malamulo onse a pa nsanja aturuka m'menemo.

Idzafika msanga, nikonza zonse anthu asanalowe. Mmodzi wa iwo adzapita kumbuyo kwa holo kukamva ngati mau a wotsogolera apambana ng'oma, pakuti nyimbo imene mau ace samveka yataya theka la mtengo wace. Idzalemba mndandanda wa nyimbo pa pepala ndi zilembo zazikuru, niika pansi pafupi ndi phazi la woimba ali yense, kuti pasakhale kufunsana. Idzayamba ndi nyimbo imene iidziwa koposa zonse, yosabvuta, pakuti anthu aweruza bandi pa mphindi zoyamba, ndipo zala za oimba zikali zouma ndi mantha. Nyimbo ziwiri kapena zitatu zoyamba zidzatsatana popanda mpata, kuti amene waimirira asapeze cifukwa cakukhalira pansi. Pambuyo pace wotsogolera adzapereka moni, natchula dzina la bandi momveka, nalemekeza eni mwambo. Pa ukwati adzadziwiratu maina a mabanja onse awiri, pakuti kulakwitsa dzina la apongozi a mwini phwando ndi citonzo cimene siciiwalika msanga. Koma asatalikitse, anthu sanadzere msonkhano.

Poimba adzayang'ana onse, a patsogolo ndi a kumbuyo, makamaka akulu okhala m'mbali amene sabvina koma ndiwo amasankha bandi ya ukwati wotsatira. Adzapatsa anthu gawo lao, mau afupi akubvomera kapena kuomba m'manja, ndipo wina akabwera kudzafupa adzamlandira ndi nkhope yokondwa osaleka nyimbo. Gitala ikafuna kukungidwa, ng'oma ndi besi zipitirire pang'onopang'ono kuti bata lisagwe. Nsambo yapadera ikhale m'thumba nthawi zonse. Wina akaphonya, anzace asamtembenukire ndi maso aukali. Anthu ambiri sakadamva kuphonyako, koma nkhope yokwiya onse aiona. Ndipo nyimbo iri yonse ikhale ndi mathero opangana, onse naleka pamodzi, osati kufa pang'onopang'ono ngati moto wa mapesi.

Zonsezi siziphunziridwa pa tsiku la dansi. Magulu ambiri pokonzekera akhala pa mipando mozungulira, moyang'anana, ndipo n'cifukwa cace pa nsanja afulatira anthu: thupi licita cimene linazolowera. Pokonzekera aimirire monga adzaimirira pa tsikulo, onse kuyang'ana mbali imodzi, naimbe mndandanda wonse kuyambira moni mpaka kutsazika. Aike foni pa mpando iwajambule, naonere pamodzi pambuyo pace. Munthu sadziona msana wace, koma cithunzi sicinyengerera. Wa besi amene anali kukana kuti amafulatira adzaleka kukana.

Nkhani ya mowa siyenera kulumphidwa. Eni mabala ena amalipira oimba ndi mabotolo m'malo mwa ndalama, ndipo pamenepa iwonso ali ndi mlandu, pakuti aononga ndi dzanja lao cinthu cimene anaitanira. Koma woimba amene abvomera malipiro otere wadzitsitsa yekha mtengo. Kalaliki safika ku ofesi ataledzera, mmisiri sakwera pa denga atamwa. Nsanja nayo ndi malo a nchito. Amene amwa kuti acotse mantha acotsanso kumva kwace, nayamba kuthamangitsa nyimbo osadziwa, nayesa kuti waimba bwino pamene anthu alikumseka.

Cimene ciri pa ngozi si mbiri ya gulu limodzi lokha. Mwini holo awerenga ndalama zace: anyamata asanu afuna galimoto yonyamula katundu, cakudya ndi malipiro, pamene wa kompyuta ndi mmodzi, safika mocedwa ndi ora, ndipo nyimbo zace sizidukiza. Bandi iri yonse yocita mphwayi imthandiza kutsimikiza mtima kuti oimba amoyo ndi kutaya ndalama, ndipo khomo likatsekeka litsekekera ndi ena amene sanalakwe. Malo ang'onoang'ono amenewa ndiwo sukulu ya oimba. Akatha, sipadzakhalanso pophunzirira, ndipo mwana wa m'komboni adzakula osaonapo dzanja la munthu likuliza nsambo.

Koma cinthu cimodzi kompyuta singathe. Singaone nkhalamba imene yayamba kugwedeza phewa pa mpando, nibwereza ndime kuti iimirire. Singatchule dzina la mkwatibwi pakati pa nyimbo, kapena kufewetsa ng'oma pamene amai ace alowa m'bwalo. Mphamvu imeneyi iri ndi anyamata aja asanu okha, ngakhale gitala yao ndi yomanga ndi waya. Akaigwiritsa nchito adzaitanidwanso. Akaitaya asanene kuti analodzedwa. Loweruka likudzali, asanagwire nsambo, ayambe atembenuka nayang'ane anthu amene abwera.