Ana a sukulu na fosholo: ni phunzilo olo ni cibalo?

Mvula ikayandikila, nyimbo mu Lusaka imakhala imodzimodzi: tiyeni tiyeletse mzinda. Manja akacepa, maso a akulu-akulu amagwela pa ana a sukulu. Ni ambili, safuna malipilo, ndipo sakana. Mumawaona pa windo ya basi ali mu yunifomu, wina na silasha, wina na saka ya zinyalala, ba tica ali pa mthunzi. Manje mwana uja akabwelela m'kalasi, waphunzilapo ciani?

Maiko ena anayamba kale kulimbana na funso iyi. Nchito imene mwana wa sukulu amagwilila anthu a m'dela lake, koma ili mbali ya maphunzilo ake, pa Cizungu amaicha service-learning. Ku Mexico, mu 1936, ophunzila udokotala pa yunivesiti ya UNAM anayamba kutumizidwa kumidzi asanapatsidwe digili, ndipo lelo wophunzila wa pa yunivesiti kumeneko amagwila maola 480 otumikila anthu. Ku America, cigawo ca Maryland cinalamula mu 1992 kuti mwana sangatsilize sekondale popanda maola 75 a nchito yotele.

Kuwelenga maola kuli na vuto yake. Ciliconse cimene cifuna siginecha, anthu amapeza njila. Kuno kwathu mwana wa ku Kabulonga angapeze ankolo a ofesi omusainila fomu, pamene wa ku Chawama ndiye angatole mapulasitiki pa dzuwa. Ni cifukwa cake njila ya ku Argentina ioneka yanzelu kupambana. Kumeneko aziphunzitsi amaima pa zinthu zitatu: nchito ithetse vuto leni-leni la anthu a pamalopo, ana eni ake atengeko mbali poikonza, ndipo ilumikizane na zimene zili mu silabasi. Mu 2000 boma lawo linayamba kupeleka mphoto ya pulezidenti ku masukulu ocita bwino pa zimenezi.

Ise a Zambia sitili alendo pa nkhaniyi. Nthawi ya ba Kaunda, m'ma 1970, sukulu iliyonse inauzidwa kukhala na production unit, ndipo otsiliza Form 5 anali kupita ku National Service. Ku Tanzania ba Nyerere anali atalemba kale za maphunzilo a kudzidalila mu 1967. Maganizo anali abwino. Koma funsani ba dalaiva olo amai amene mwakhala nao pa mpando zimene akumbukila. Ambili adzakamba za khasu, matuza m'manja, na kabici imene sanadziwe kumene inapita. Cinaipilatu n'cakuti nchito ya manja tinaisandutsa cilango. Wacedwa, kalime. Wacita congo, kakumbe dzenje. Mwana wokulila mmenemo sangaone fosholo monga buku.

Pamene nchito ya ana ingakhale na phindu ni pa nkhani ya kolela. Mu January 2024 masukulu analephela kutsegula pa nthawi yake, ana anakhala pa nyumba mpaka February, ndipo Heroes Stadium inasanduka cipatala. Anthu opitilila 700 anamwalila m'dziko muno. Ku Kanyama cifukwa cake n'codziwika: pansi pali mwala wa laimu wa ming'alu, madzi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimaloŵa m'tuzitsime tumene anthu atungamo. Iyi ni sayansi, ni jogalafe, ni masamu, zonse pa khomo pa mwana.

Ganizilani kalasi imodzi ya sekondale ku Kanyama olo ku George. M'malo motola zinyalala tsiku limodzi kuti ajambulidwe, ana ayenda na ba tica nyumba na nyumba kwa temu yonse. Apima mtunda kucoka pa cimbudzi kufika pa citsime, awelenga mabanja amene amathila kolorini m'madzi, alemba mapu a malo amene madzi amaima. Akabwelela m'kalasi apanga magilafu, alemba lipoti, ba tica aikapo mamakisi. Lipoti ija aipeleka ku Ward Development Committee, kumene kumayambila mapulojekiti a CDF. Mwana wotele wadziwa peresenti, wadziwa kulemba kalata ya ofesi, wadziwanso kuti kansala wake ni ndani. Ba kansala nao sangakambe ati sitinadziwe.

Mpata ulipo. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ija inabweza ma Form, imati mwana aziyesedwa pa zimene angathe kucita, osati zoloweza cabe. Koma tisanamizane. Cibwelele maphunzilo aulele mu 2022, makalasi ni odzala, ena aphunzila m'mawa ena masana, ndipo tica mmodzi sangayendetse khamu lonse lija m'komboni ali yekha. Pafunika makolo oyenda nao, na nthawi yolembedwa pa timetable. Ikakhala ya pa Ciŵelu, idzagwa pa ana amene tsikulo amathandiza amai ao pa msika.

Pali malile amene sitiyenela kudumpha. Kutsegula ngalande zotsekeka ni nchito ya kanso na makampani otola zinyalala amene timalipila mwezi na mwezi. Kuloŵetsa mwana m'madzi akuda, alibe magambutsu alibe magulovu, ndiye kumupeleka ku matenda amene tikuti tiwathetse. Ngakhale ku Maryland kuja, lamulo lifuna kuti mwana akonzekele asanapite, ndipo akabwela akhale pansi kukambilana na kulemba zimene waona. Popanda mbali ziŵili izi, maola aja sawelengedwa kuti ni maphunzilo.

Ndiye mwana akabwela na kapepa kakuti mawa abwele na silasha, pitani ku miting'i ya makolo mukafunse ba hedi: nchitoyi ili mu phunzilo iti, adzaikapo mamakisi ndani, ndipo ya basi yopitila kumeneko alipila ndani?