Mapulani a SADC Afike pa Doko la Chipoka

Kalata ya abusa a mipingo ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, yopita kwa akhristu, abale a Chisilamu, mafumu, aphungu ndi makhansala

 Abusa alemba kalatayi chifukwa umphawi wa nkhosa zawo ukuwasowetsa tulo, pomwe mapulani otukula chigawo chino alipo ambirimbiri.

Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe anayambitsa SADCC ku Lusaka mu 1980, bungwe lomwe linasanduka SADC ku Windhoek mu 1992. Mu 2015, atsogoleri ake anavomereza ku Harare ndondomeko yotukula mafakitale yofika mu 2063. Mu 2020 anawonjezera masomphenya a 2050 ndi pulani ya zaka khumi yotchedwa RISDP, ndipo chaka chotsatira anasonkhana ku Lilongwe. Mfundo yaikulu m'zikalatazi ndi yakuti maiko aleke kugulitsa zokolola zosakonza, ayambe kuzikonza okha kuti phindu ndi ntchito zitsale kwawo.

Abusa akuvomereza kuti zina zaoneka ndi maso. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, omwe anatsegulidwa mu 2021. Salima Sugar ikupanga shuga ndipo Malawi Mangoes ikukonza mango m'boma lomwe lino. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, pomwe maofesi a Malawi ndi Zambia amagwirira ntchito pamodzi, chinatsegulidwa mu 2022, ndipo inakhazikitsidwanso ntchito yokoka nthambo za magetsi kuchokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, kufika ku Phombeya ku Balaka.

Koma mayi wogulitsa usipa ku Senga Bay sanalaweko zimenezi. Mvula ikagwa nsomba zili pa thandala, mpamba wake umaolera pomwepo, chifukwa malo oziziritsira nsomba ndi oumitsira amakono ndi osowa. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amaugulitsa kwa mavenda usanapunthidwe, pamtengo wolira. Ku Chipoka, komwe njanji imakumana ndi nyanja ndipo katundu akhoza kuchoka m'sitima ya pamadzi n'kulunjika ku Nacala, ntchito ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Achinyamata atatopa n'kudikira akuthamangira ku Joni.

Phunziro lili pafupi. Pachilumba cha Mbenji, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa kumeneko. Lamuloli lakhalitsa chifukwa tsiku lotseka limadziwika, woyang'anira amadziwika, chilango chimadziwika, ndipo asodzi amaona okha utaka ukuchuluka akatsegulira. SADC inasainira pangano losamala nsomba mu 2001, koma a ku Mbenji anali atayamba kale kuchita. Nehemiya nayenso pomanga linga la Yerusalemu anagawa ntchito, gulu lililonse chigawo chake, ena moyang'anizana ndi nyumba zawo.

Choncho abusa akupempha boma kuti litanthauzire mapulani a SADC ndi masomphenya a dziko lino a Malawi 2063 m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi kunena poyera ntchito zomwe zagwera Salima, ndalama zake ndi tsiku lomaliza. Khonsolo ya boma la Salima iike mu bajeti yake malo osungira nsomba m'madoko ndi misewu yopita kuminda ya mpunga, ndipo izipereka lipoti kwa anthu chaka ndi chaka. Aphungu afunse m'Nyumba ya Malamulo za tsogolo la doko la Chipoka ndi njanji yake. Makampani agule kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo wachilungamo ndi kulipira antchito nthawi yake. Wodya ndalama zachitukuko, kaya ndi wa chipani chanji, ayankhe kukhoti.

Mipingo nayo ili ndi mbali yake. Abusa akulonjeza kutsegula matchalitchi kuti alimi ndi asodzi azikumaniramo pokhazikitsa makopaletivu, ndi kugwirana manja ndi mashehe polondoloza malonjezo a atsogoleri. Akupempha mkhristu aliyense kuti aleke kuwedza ndi neti ya udzudzu, apite kumisonkhano ya chitukuko ya m'mudzi mwake, ndipo akafunse khansala wake zomwe zachitika chaka chino.

Kalatayi iwerengedwe m'mipingo yonse Lamulungu likudzali.