Sipeyala yokakamiza ikupha njinga ku Malindi

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeyala a njinga akwera mtengo, ndipo ambiri angozolowera kugula ilionse yomwe yapezeka. Ku Malindi m'boma la Mangochi, komwe njinga ndiyo imanyamula usipa kupita kumsika komanso odwala kupita kuchipatala cha St Martin's, khalidweli ndi loluzitsa.

Vuto lalikulu lili pa bottom bracket, chitsulo chomwe mapedulo amazungulirapo. Panjinga zamagiya zakaunjika, bowo lake limakhala la mamilimita 68 kapena 73. Kusiyanaku n'kochepa pamaso, koma yolakwika ikalowa tcheni chimayenda mokhota, chimagwagwa ndi kudya mano a magiya.

Choopsa kwambiri ndi mazinga. Mbali ya tcheni amamangira kumanzere, ndiye wosadziwa akakakamiza ndi sipanala mazingawo amatheratu. Ena amathamangira kuwotcherera, koma felemu ikakhala ya aluminiyamu makina wamba amagonja, njinga n'kukhala pakhonde.

Kuyeza bowolo ndi lula kapena kutenga chakalecho popita kukagula sikulira ndalama. Makaniki wokana kuyeza asapatsidwe njinga.